Mkamwini wa pa Tsamba 27

Lolemba

Tiyamike waimba! Mphindi zisanu ndi imodzi. Ndikudziwa chifukwa ndayang'ana pa foni atadula.

Chaka chachitatu chino ali ku Nairobi, mwana wanga mmodzi yekhayo, ndipo kuimba kwake kumakhala kwa "Mama muli bwanji, Adadi ali bwanji, ndikulowa mu mitingi." Koma lero wapempha kanthu. Kwa ine!

Nkhani yake, mmene ndaimvera, ili chonchi. Kuntchito kwawo apanga chida cha pa kompyuta. Chidacho si cha anthu ayi, n'cha mapulogalamu anzeru aja akuti AI, amene masiku ano akumatumidwa ntchito ngati amesenjala. Iwo amawatchula kuti ma ejenti. Ejentiyo akafuna kudziwa kanthu amafunsa chida cha Tiya, chidacho n'kukafufuza m'nkhokwe momwe zinthu zinasungidwa molumikizana: uyu ndani, akukhudzana ndi chiyani, chimenecho chikukhudzananso ndi chiyani. Tiya walemba buku la malangizo a kagwiritsidwe ntchito kake. Akufuna munthu aliwerenge, anene ngati likumveka.

"Mama, mukamvetsa inu ndiye kuti aliyense amvetsa."

Mawu amenewa ndakhala ndikuwatembenuza kuyambira masana. Ndasankha kuwatenga ngati ulemu.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndikuphunzitsa Chingerezi, khumi zomalizazo ku Milonde. Zimangirizo zomwe ndinachonga zikhoza kudzaza lole. Kabuku ka masamba 41 kangandiopseze ine?

Chachikulu n'chakuti Loweruka 10 koloko m'mawa tidzakambirana pa vidiyo. Ola lathunthu! Wanditumizira mpaka kalata yondiitanira, ngati ndine bwana wa kampani. Ola lathunthu ndikumuona nkhope.

Pulani:
1. Mawa kukasindikiza ku Chitakale. Pa foni tizilembo take tili ngati nyerere.
2. Masamba khumi patsiku.
3. Lachisanu kudzaza fomu ya malikisi n'kutumiza.
4. Zolakwa zipezeke zambiri ndithu, kuti ola lisakwane.
5. Pakati pa zolakwazo kuponyamo mafunso anga: akudya chiyani, chifuwa chija chinatha, Disembala abwera? Lomalizali ndidzalifunse ngati langondibwerera.

Bambo a Tiya, ali pa makina awo osokera pakhonde: "Mundikumbutse Lachisanu, ndikamete."

Lachiwiri

Chiperoni. Phiri silikuoneka n'komwe, ngati wina walichotsa. Zochapa za dzulo zikadali pa chingwe, zonyowa kuposa mmene ndinaziyanikira.

Ku Chitakale a Jafali osindikiza mapepala akuyang'ana masamba akutuluka m'makina, kenako akuyang'ana ine. "Madamu, mwayambiranso sukulu?" Ndawauza kuti ndi ntchito ya ku Kenya. Andipatsa mpando.

Zolembera zofiira ziwiri, zatsopano. Fungo lake lokha landibwezera mu sitafu rumu.

Fomu ya Tiya ili ndi mafunso asanu, lililonse malikisi 1 mpaka 5:
- Kodi zikumveka kuti chidachi chimachita chiyani?
- Kodi munthu angachiike pa kompyuta potsata malangizowa?
- Kodi zitsanzo zikuthandiza?
- Zinthu zikavuta, bukuli likunena chochita?
- Kodi ejenti atawerenga angadziwe nthawi yoyenera kugwiritsa ntchito chidachi?

Lomalizali ndiliyankha bwanji? Ejenti amene ndimamudziwa ine ndi uja wa ndalama za pa foni pa siteji, ndipo iye sawerenga chilichonse.

Tsamba 1. Liwu lililonse ndikulidziwa. Koma palibe chiganizo ngakhale chimodzi chimene ndikuchimva.

Tsamba 2. Mawu achidule asanu ndi awiri m'ndime imodzi, osanena kuti akuimira chiyani. Ndawazunguliza onse. Dzanja likukumbukira ntchito!

Tsamba 4. Chithunzi, mwamwayi. Timipira tolumikizidwa ndi timizere. Kampira ndi munthu, malo kapena chinthu. Kamzere ndi ubale wake. Ndawaonetsa bambo a Tiya, mwina angandimvere chisoni.

"Epa! Si zimene amachita azakhali anu a ku Thuchila pa maliro izi? Uyu ndi mwana wa uje, amene anakwatira mchemwali wa uje, amene anagula munda wa uje."

Ndiye kuti chida cha Tiya ndi azakhali. Ejenti ndi mlendo amene wafika pa maliro osadziwa aliyense, akufunsa chonong'ona.

Telala wa Sitandade 5 wamasulira m'kamphindi zomwe zandisautsa m'mawa wonse. Ndalemba m'mphepete: "Yambani ndi chitsanzo cha azakhali pa maliro." Sindinalembe kuti nzeruyo yachokera kwa ndani.

Tsamba 6. Ndaima.

Pali liwu lina lomwe Tiya wakhala akuliphonya kuyambira ali Sitandade 6. Limafuna zilembo ziwiri zofanana pakati, iye amaika chimodzi. Ndinamulembetsapo kamakumi asanu pa thebulo lomwe lino, akulira, miyendo isakufika pansi. Nali pano. Chilembo chimodzi. M'buku la kampani ya ku Nairobi.

Sindinalizungulize. Ndangoikapo chala.

Masamba asanu ndi limodzi okha lero. Mawa ndithamanga.

Lachitatu

Lero n'kuyesa malangizo pa laputopu yakale ija anandisiyira Tiya. Mmene imati iyake n'kuti nditaphika tiyi, kumwa, kutsuka kapu.

Mutu wake: "Kuyamba mwachangu: mphindi zisanu." Nthawi ili 8 koloko.

Langizo loyamba: "Ingotsegulani teminolo."

Teminolo! Ine ndimadziwa yokwerera mabasi. Buku silikunena kuti n'chiyani, silikunena ili pati. Ndamulembera Tiya. Yankho lafika patatha maola awiri: chithunzi chokhala ndi muvi wolozera podina, pansi pake kamtima. Kamtimako ndakayang'ana nthawi yaitali kuposa muviwo.

Kawindo kakuda katseguka. Ndakopera mzere wa m'buku chilembo ndi chilembo, ndi chala chimodzi. Ndadina.

Zofiira! Mizere khumi ndi inayi, yonse yofiira. Moyo wanga wonse zofiira ndimalemba ndine. Lero makina andichonga.

Tsamba la "Zikavuta" lili ndi mavuto atatu. Langa palibepo.

Ndawerenga kuti "ingo" uja akupezeka kangati m'buku lonse. Ingotsegulani. Ingolembani. Ingoikani kiyi wanu. Kakhumi n'kasanu n'kawiri! Kiyi wake uti? Amapezeka kuti, amapereka ndani? "Ingo" ndi mawu a munthu amene njira akuidziwa kale. Uli mlendo ku Limbuli, wina n'kukuuza kuti "ingokhoterani pa mtengo uja unagwa." Ndalemba zimenezi m'mphepete, ndi mizere iwiri pansi. Apa pokha tidzathapo mphindi khumi Loweruka. Zikuyenda!

11 koloko magetsi azima. Batire ya laputopu yapirira mphindi zinayi. Sola nayo, ndi chiperoni chimenechi, yangogona pa denga ngati lichero.

Zomwe ndakwanitsa lero:
- teminolo ndaidziwa
- basi

Masana mayi wina wadutsa ndi beseni la kalongonda. Ndagula mbale ziwiri mosaganiza, ngati kale. Tiya ankadya ataimirira pa chitseko cha khitchini, yunifolomu asanavule, tsabola wambiri mpaka kutuluka mamina. Anandiuzapo kuti ku Nairobi kalongonda samudziwa.

Ndadya wanga. Ndadyanso wake.

Bambo a Tiya: "Mphindi zisanu zija zakwana?"

Lachinayi

Magetsi kulibe. Laputopu ndaivundikira ndi nsalu, ipume. Ndadumphira ku mutu wa zitsanzo, umene sufuna moto.

Tsamba 27.

TSAMBA 27!

Chitsanzo cha timipira tija, koma tsopano tili ndi mayina. Ndikukopera mmene zilili:
- Tina amakhala ku Nairobi.
- Mayi ake a Tina ndi Grace.
- Grace ndi mphunzitsi.
- Tina amakhala ndi Kevin.
- Kevin anabadwira ku Kisumu.

Tina, Tiya. Wangosintha chilembo chimodzi, akuganiza kuti amayi ake ndi ogona. Mayi mphunzitsi ndi ine, n'zosachita kufunsa. Nanga Kevin ndani? "Amakhala ndi"! Kukhala kwake kotani? Nyumba imodzi? Chiyambire liti?

Kodi n'chifukwa chake wandipempha ine kuwerenga? Mwana uyu chibadwire nkhani yovuta sainena pakamwa. Atalephera masamu Fomu 2 anasiya lipoti mu Baibulo langa.

Ndawaitana Abiti Saidi, anzanga a golosale ya kutsidya kwa msewu. Avala magalasi anga, atsatira timizere ndi chala, kawiri. "Madamu, ine Chingerezi changa n'chogulitsira sopo, koma uwu ndi ukwati. Mashallah! Muyambe kufuna mbuzi."

Ndawapempha asauze munthu. Alumbira.

Bambo a Tiya asiya buluku la kasitomala pa makina, akuwerenga, akupukusa mutu. Ndimaona ngati akwiya. Ayi. "Kodi anthu a ku Kenya chikamwini amachidziwa?"

Ndati kwawoko mwina mkazi ndi amene amapita kwa mwamuna.

"Ine ndinachoka ku Milanje, kutsidya kwa malire, wapansi, nkhondo ili kumbuyo, n'kudzamanga pa malo a amayi anu pano. Iyeyo alephere pa ndege?"

Panopa ali kuseri kwa nyumba, mu chiperoni, akuyeza malo ndi tepi yoyezera masuti. Akuyeza, kukhoma chikhomo, kusuntha, kuyezanso. Zipinda zitatu, akuti, china cha makompyuta.

Ndimafuna kuwaletsa. Koma ndaima pa windo ndikuyang'ana zikhomozo, ndipo m'maganizo ndaona chitseko chikutseguka m'mawa, Tiya akutuluka ndi kapu kudzapempha shuga. Ndawasiya ayeze.

Tsamba 28 likufotokoza zimene zimachitika ejenti akafunsa chinthu chomwe m'nkhokwe mulibe. Chitsanzo chake: "Tina anapita liti kukaona Grace?" Yankho la chida: mabulaketi awiri, m'kati mopanda kanthu. Buku likuti kumeneko si kulakwitsa, zimangotanthauza kuti kamzere kameneko kulibe.

Ndalemba m'mphepete: "Zamveka bwino. Koma simunanene kuti munthu angatani kuti kamzereko kakhalepo."

Ndafufuta. Ndalembanso.

Kumulembera uthenga za Kevin? Ayi. Nkhani ngati imeneyi imafuna kuonana maso. Loweruka.

Masamba 9 mpaka 26 sindinawachonge.

Lachisanu

Tsiku lotumiza. Ndadzuka 5 koloko kuthamangitsa masamba otsala. Ndikuwerenga, koma m'mutu muli Kevin yekha. Wamtali? Amapemphera? Amadya chinangwa?

Masamba ena ndangoikamo makoma. Ana anga a ku Milonde akanandiona!

Fomu:
- Chidachi chimachita chiyani: 2. Popanda azakhali sindikanamva.
- Kuchiika pa kompyuta: 1.
- Zitsanzo: 5. Zikunena zambiri kuposa zimene zimafunika.
- Zikavuta: 2.
- Ejenti angamvetse? Ndalemba kuti: "Ngati ejentiyo ali ngati mwana wanzeru amene wabwera kumene pa sukulu, adziwa mmene angafunsire, koma sadziwa nthawi yofunsa ndi nthawi yosiya. Muuzeni chimene chidachi sichingathe." Ndapereka 3.

Kenako ndaganiza: mwana wagwira ntchito yekhayekha kudziko la eni, mwina osadya. Ma 2 ndawasandutsa ma 3. 1 uja ndamukhotetsa, wakhala 4. Zaka makumi atatu ndi ziwiri sindinakonderepo mwana wa munthu, ngakhale wa a hedi.

Tsopano kujambula masamba 41 ndi foni n'kutumiza. Kunyumba netiweki ikukana. Ndapita ku Chitakale, ndaima pafupi ndi malo omwetsera mafuta pomwe imagwirako, ambulera kudzanja lino, foni kudzanja linalo, mapepala kukhwapa. Makondakitala akundifunsa ngati ndikupita ku Limbe kapena ku Muloza. Kachizindikiro kakungozungulira.

Zapita zithunzi zisanu ndi zinayi. Zitatu n'zozondoka. Chimodzi ndi phazi langa. Bandulo yatha.

Masamba 15 mpaka 20 anyowa, inki yofiira yayenderera ngati ndapherapo nkhuku.

Ndipo pamsika! Mayi wogulitsa nanazi, amene sindimudziwa n'dzina lomwe: "Madamu, tamva! Mkamwini wa ku Kenya!" A Jafali akuti makadi a ukwati amasindikizanso. Wapampando wa kwaya yathu wandigwira mkono: "Yunifolomu ya chinkhoswe musankhe msanga, nsalu zabwino zimatha."

Ndapita kwa Abiti Saidi. "Wallahi, ine ndauza amuna anga okha!"

Ndabwerera kunyumba. Bambo a Tiya, atameta bwinobwino mpaka kudzicheka pachibwano: "Ine sindinauze munthu. Anthu amangofunsa za zikhomozo, ndiye ndiwanamize?"

Loweruka

Ndasita diresi ya buluu. Ndasesa pabalaza kawiri, ngakhale kuti pa vidiyo pansi sipaoneka. Foni ndakatchajitsa kwa Abiti Saidi, bandulo yatsopano ilimo. Ndaiimika pa thebulo, yotsamira chitini cha shuga. Bambo a Tiya avala jekete la suti, kumunsi kabudula. Abiti Saidi akhala pakona pomwe kamera siifika, akuti angomva nawo mawu.

Ndondomeko yanga pa pepala: "ingo", kiyi, mawu achidule, chifuwa, tsamba la mavuto, Kevin, Disembala.

9:40. Takhala kale.

9:52. Foni yalira. Si vidiyo. Uthenga wa mawu, masekondi makumi anayi ndi awiri.

"Mama pepani kwambiri, chonde musakwiye. Bwana wasintha tsiku, tikutulutsa chida chija Lolemba, ndiye tonse tili mu ofesi. Buku lija Lachitatu tinalipereka kwa ejenti kuti aliunike, ndiye talilembanso lonse, masamba amene muli nawowo anasintha. Ndinaiwala kukuuzani, pepani. Koma zithunzi zanu ndaziona! Za azakhali pa maliro zija anthu aseka mu ofesi monse, taziika pa tsamba loyamba. Za 'ingo' ejenti anazipezanso, alipo khumi ndi asanu ndi anayi. Ndiimba ndikapeza mpata. Moni kwa Adadi."

Khumi ndi asanu ndi anayi. Ndinaphonya awiri.

Makina achita m'kanthawi kochepa zomwe ine ndavutika nazo sabata yonse, n'kundiposanso. Ndipo pa ndemanga zanga zonse, imene yalowa m'buku la ku Nairobi ndi ya telala. Mwini wake ali apa akuwongola kolala ya jekete. "Tsamba loyamba, eti?"

Palibe amene wadzuka. Tamveranso uthengawo. Pa mawu oti "pepani" wachiwiri akumveka kukhosomola pang'ono. Ndiye kuti chifuwa chija sichinathe.

Ndalephera kupirira. Ndalemba: "Kevin ndani?"

Mphindi makumi awiri. Abiti Saidi akuwerenga tasibihi, mikanda yawo yopempherera.

"Kevin uti?"

"Wa pa tsamba 27."

Tinkhope toseka tosawerengeka. Kenako: "MAMA! Kevin kulibe! Mayina amenewo anapeka ndi makina, ndinangowauza kuti apange banja lachitsanzo. Ine ndimakhala ndekha, mukudziwa."

Ndekha. Sindikudziwa ngati ndapepukidwa kapena ayi. Sabata yonse ndimamuopa Kevin, koma bola akanakhalapo wina womuphikira madzi a mandimu.

Kenako uthenga wina, waufupi: "Koma makina analemba kuti Grace ndi dokotala. Ndinasintha ndine kuti akhale mphunzitsi."

Ndatuluka panja kukaona zochapa, ngakhale ndikudziwa kuti sizinaume.

Abiti Saidi, potsanzika: "Mbuzi ija ndinali nditakuyankhulirani kale kwa achimwene anga. Ndikawauza adikire."

Lamulungu

Chiperoni chatha. Dzuwa lawala, phiri lonse lili poyera, mathithi akuoneka ngati ulusi. Magetsi abwera. Netiweki yadzaza mpaka kuchipinda. Lero, pamene palibe chotumiza.

Kutchalitchi ndafotokoza kasanu ndi kamodzi kuti ukwati kulibe. Wina wafunsa ngati mnyamatayo wathawa. Ndati sanakhalepo n'komwe, anangopekedwa ndi kompyuta. Wandigwira paphewa: "Amatero amuna a masiku ano, Madamu. Limbani mtima." Wapampando wa kwaya akuti andiika pa mapemphero a Lachinayi.

Ndasiya kufotokoza.

Mapepala ndawayanika pa mkeka. Akauma ndiwaika mu sutikesi momwe muli malipoti ake a sukulu. Laputopu yadzuka ndi magetsi, ikadali pa mzere wofiira wa khumi ndi chinayi. Ndaithimitsa osaifunsa maganizo.

Masana, osakonzekera, osavala diresi, ndili ndi mpeni wosendera chinangwa m'manja, ndangolemba: "Disembala ubwera?"

Wayankha nthawi yomweyo. Kodi akakhala kuti sakuyembekezeredwa ndi pamene amapezeka?

"Tiona, Mama."

Ndawawerengera bambo ake. Akuti: "Si kukana kumeneko." Ndati si kuvomeranso.

Mawu amenewo ndikuwadziwa bwino. Anaphunzira kwa ine. Ndi mmene ndinkamuyankhira akapempha nsapato za Khirisimasi, akapempha kupita nawo ku ulendo wa sukulu, akapempha njinga. Tiona, Tiya. Ankachoka mwakachetechete, osafunsanso, n'kumandiyang'ana m'manja ndikamachokera ku boma.

Njinga sindinamugulire. Ulendo uja sanapite.

Koma nsapato, zaka zina, ndinkabwera nazo.